Sitolo ya njinga ya ku Randburg ndi khoma lake la timu ya amayi ya SD Worx

Amayi a ku Malawi amene tikukhala mu Johannesburg ndipo tinayamba kupalasa njinga za mpikisano tidakali ochepa, koma funso limene limabwera kawirikawiri pakati pathu ndi lakuti munthu angapite kuti kukagula njinga, kukakonzetsa, kapena kukangopempha nzeru popanda kuonedwa ngati wasochera. Ndemanga iyi ikukhudza sitolo ina ya kudera la Randburg, imene ambiri amene timapalasira limodzi Loweruka mukuidziwa kale. Sitoloyi imagulitsa njinga zatsopano ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, imakonza zowonongeka, imayeza munthu kuti njinga imukwane, imatsogolera ulendo wa amayi wa Loweruka m'mawa, ndiponso imaonetsa pa kanema mipikisano ya amayi ya ku Ulaya. Maganizo anga ndi akuti ntchito ya manja ndi ulemu wa pamalopa n'zapamwamba, pamene mitengo ya katundu watsopano ndi yopitirira thumba la ambiri a ife. Chimene chimaisiyanitsa kwenikweni ndi masitolo ena ndi khoma limodzi lodzaza zithunzi za timu imodzi ya amayi, ndipo ndidzakhalitsa pa khomalo chifukwa ndi limene limafotokoza khalidwe lonse la pamalopa.

Kalandiridwe ndi kamene kamatigwetsa ulesi m'masitolo ambiri a njinga zodula. Mayi wakuda akalowa m'sitolo yotere kumpoto kwa mzinda uno, si zachilendo kufunsidwa ngati watumidwa ndi abwana ake kapena ngati akufuna njinga ya mwana. Pano funso loyamba limene ndinalandira linali lakuti ndimapalasa mtunda wautali bwanji pa sabata, ndipo ndi pati pamene thupi limandiwawa ndikatsika panjinga. Mwini sitolo ndi mayi wa kuno ku South Africa amene anapikisanapo ali mtsikana, ndipo mmodzi mwa amakaniko ake ndi bambo wa kwathu, wochokera ku Dedza, amene anaphunzira ntchitoyi akumata machubu ndi kuwongola malimu a njinga za kabaza asanabwere kuno. Bamboyu ali ndi mawu amene amauza pafupifupi mayi aliyense wobwera ndi ndalama m'manja: "Achemwali, musagule kaye, bweretsani imene muli nayoyo tiione." Wogulitsa amene amayamba wakuletsa kugula ndi wosowa, ndipo ichi chokha chinandichititsa kuwakhulupirira.

Ntchito yoyeza munthu ndi imene ndikuiyamikira kuposa zonse. Amaika njinga pa chitsulo choimikira kuti upalase uli pamalo amodzi, kenako amayeza kutalika kwa mwendo, kutambalala kwa mapewa, ndi kutalikirana kwa mafupa awiri amene munthu amakhalira. Amafotokoza chifukwa cha chilichonse chimene akusintha. Chishalo chikakwera kwambiri, chiuno chimapendekera uku ndi uku ndipo ululu umabwera kuseri kwa bondo. Chikatsika kwambiri, ululu umabwera kutsogolo kwa bondo. Mahandulo otambalala kuposa mapewa amatopetsa khosi, ndipo zogwirira mabuleki zikatalikira zala, munthu wa manja aang'ono amalephera kuima msanga potsetsereka. Njinga zambiri zakaunjika zimene amayi timagula zinakonzedwera amuna aatali, choncho kusintha zinthu zing'onozing'onozi kumathetsa mavuto amene ena a ife tinkaganiza kuti ndi kufooka kwa thupi lathu. Amalangizanso bwino za magiya. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamwamba kwambiri kuposa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo misewu yake ndi ya zitunda zosatha, kotero woyamba kumene amauzidwa kuti asankhe giya yaing'ono ya kutsogolo ya mano 34 ndi yaikulu ya kumbuyo ya mano 32, kuti miyendo izizungulira mopepuka m'malo molimbana ndi mapedulo.

Khoma la zithunzi lili kumbuyo kwa sitolo, pafupi ndi pomwera khofi, ndipo mwini wake analikonza motsatira zaka kuyambira kumanzere. Likufotokoza mbiri ya timu ya ku Netherlands imene lero imatchedwa SD Worx-Protime. Timuyi inayamba mu 2010 ili yaing'ono, ndipo inkadziwika ndi dzina la Dolmans Landscaping, kampani yokonza minda ya maluwa ndi kapinga, ntchito imene abale athu ambiri akugwira m'nyumba za ku Sandton ndi Bryanston. Kenako kunabwera Boels, kampani yobwereketsa makina ndi zida zomangira, ndipo dzina la Boels-Dolmans linamveka dziko lonse pamodzi ndi jezi yake ya mtundu wa lalanje. Mu 2021 timuyi inatenga dzina la SD Worx, kampani ya ku Belgium yothandiza mabwana kuwerengera malipiro a antchito, ndipo mu 2024 linawonjezeka dzina la Protime. M'masewerawa timu sitchedwa dzina la mzinda monga mmene zilili mu mpira. Imatenga dzina la amene akuipatsa ndalama, ndipo wopereka ndalamayo akachoka, timu ikhoza kutha chaka chomwecho. Kuti timu ya amayi ikhale zaka zoposa 15 osagwa ndi chinthu chachikulu, makamaka tikakumbukira kuti lamulo la malipiro ochepetsetsa a amayi a m'matimu apamwamba linangoyamba mu 2020, pa mayuro 15,000 pa chaka.

Pakati pa khomalo pali zithunzi zinayi za amayi ovala jezi yoyera ya mizere ya utawaleza, imene amavala katswiri wa dziko lonse lapansi kwa chaka chathunthu. Lizzie Armitstead wa ku Britain, amene pambuyo pa ukwati anakhala Lizzie Deignan, anaipata ku Richmond mu 2015. Amalie Dideriksen wa ku Denmark anaipata ku Doha mu 2016, Chantal Blaak wa ku Netherlands ku Bergen mu 2017, ndipo Anna van der Breggen ku Innsbruck mu 2018. Pa mpikisano wa dziko lonse aliyense amapalasira dziko la kwawo, komabe amayi anayi osiyanawa, ochokera m'mayiko atatu, onse anali pa kontrakiti ya timu imodzi, ndipo kwa zaka zinayi zotsatizana jeziyo sinachoke m'basi ya Boels-Dolmans. Chaka cha 2016 chili ndi malo akeake pakhomapo, ndipo n'zoyenera. Ndi chaka chimene ligi ya Women's WorldTour inayamba, ndipo Megan Guarnier wa ku United States anaitenga pamodzi ndi Giro ya amayi ya ku Italy, mpikisano wa masiku angapo wogawidwa m'magawo, Armitstead anapambana Strade Bianche ndi Tour of Flanders, ndipo timu yonse inatenga mendulo ya golide ku Doha pa mpikisano wa matimu wolimbana ndi nthawi.

Van der Breggen, amene anabwera ku timuyi mu 2017 atatenga kale golide wa Olimpiki ku Rio de Janeiro, ali ndi zithunzi zambiri kuposa aliyense. M'chaka chake choyamba anapambana mipikisano itatu ya m'mapiri a Ardennes m'sabata imodzi: Amstel Gold Race, La Flèche Wallonne ndi Liège-Bastogne-Liège. Flèche Wallonne imathera pa chitunda chotchedwa Mur de Huy, chotalika kilomita imodzi ndi pang'ono koma choima ngati chipupa, ndipo mayiyu anapambana pamenepo kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 2015 kufika 2021. Anatenganso ukatswiri wa dziko lonse kachiwiri ku Imola mu 2020, anapuma kumapeto kwa 2021 n'kukhala wotsogolera timu ali m'galimoto, kenako anabwereranso panjinga mu 2025.

Chimene chinandigwira mtima, komabe, ndi chithunzi chaching'ono cha Christine Majerus wa ku Luxembourg, amene anapalasira timuyi kuyambira 2014 mpaka pamene anapuma mu 2024. Mwini sitolo amayambira pa chithunzi chimenechi akamafotokozera alendo za masewerawa, ndipo ndikuona kuti amachita bwino. Munthu wongoonera amaganiza kuti mpikisano wa njinga ndi wa aliyense payekha, chifukwa wodutsa mzere poyamba ndi mmodzi. Zoona zake n'zakuti mdani wamkulu wa wopalasa ndi mphepo, ndipo amene ali kumbuyo kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chake timu imasankha mtsogoleri mmodzi kapena awiri, ndipo ena onse amagwira ntchito yowatchinjiriza ku mphepo, kuwatengera mabotolo a madzi kugalimoto, kuthamangitsa amene athawa gulu, ndi kupereka tayala lawo ngati la mtsogoleri laphwa. Akakhala angapo kutsogolo amalandizana mphepoyo mosinthana, monga amayi awiri osinja pa mtondo umodzi amene misi yawo imalowa motsatizana osagundana. Majerus anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zoposa khumi, ndipo zikho zambiri za pakhomapo zinadutsa m'miyendo yake ngakhale dzina lake silinalembedwe pa zikhozo. Sitolo imene imaphunzitsa makasitomala ake kuona munthu wotereyu ikuwaphunzitsanso mmene angapalasire pagulu.

Kwa ife okhala kuno, chithunzi chimene timaimapo nthawi yaitali ndi cha Ashleigh Moolman-Pasio, wobadwira ku Pretoria, amene anaphunzira uinjiniya ku yunivesite ya Stellenbosch asanakhale katswiri wa njinga. Anapalasira SD Worx mu 2021 ndi 2022, atatenga kale mendulo ya bronze pa masewera a Commonwealth ku Glasgow mu 2014, atakhala wachiwiri pa Giro ndi pa Flèche Wallonne mu 2018, ndiponso atapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse wopalasa m'nyumba kudzera pa intaneti mu Disembala 2020. Chithunzicho ndi cha Giro ya 2021, pamene anapambana gawo lothera pa phiri la Matajur. Pamapeto pa mpikisanowo Van der Breggen anali woyamba, Moolman-Pasio wachiwiri, Demi Vollering wachitatu, onse atatu a timu imodzi. Chaka chotsatira anapambana Tour de Romandie ya amayi yoyamba ku Switzerland, kenako anasamukira ku timu ya AG Insurance-Soudal. Atsikana athu amene amabwera ndi amayi awo amafunsa kawirikawiri ngati mayiyu ndi wa kuno ndithu, ndipo yankho limawasintha nkhope.

Mbali ya kumanja kwa khoma ndi ya zaka zaposachedwa. Pali Lotte Kopecky wa ku Belgium, amene anabwera mu 2022 ndipo wapambana Tour of Flanders mu 2022, 2023 ndi 2025, Paris-Roubaix ya m'misewu yoyala miyala mu 2024, ndi ukatswiri wa dziko lonse ku Glasgow mu 2023 ndi ku Zürich mu 2024. Pali Lorena Wiebes, mwini liwiro la kumapeto, amene anabwera mu 2023 ndipo anapambana Milan-San Remo ya amayi itabwezeretsedwa mu 2025. Pali Vollering akukwera phiri la Tourmalet m'chifunga pa Tour de France Femmes ya 2023, mpikisano wa amayi wa masiku angapo wa ku France, tsiku limene analandira jezi yachikasu, yovala amene akutsogola pa mpikisano wonse, kuchokera kwa mnzake Kopecky, amene anaivala kuyambira tsiku loyamba ku Clermont-Ferrand. Awiriwa anamaliza woyamba ndi wachiwiri, ndipo m'chaka chomwecho Vollering anabwereza zimene Van der Breggen anachita ku Ardennes.

Apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi mwini sitolo. Khomali likuonetsa kupambana kokhakokha, ndipo Tour de France Femmes ya 2024 palibe. Pa gawo lachisanu la mpikisano umenewo, lopita ku Amnéville, Vollering anagwa atavala jezi yachikasu patatsala makilomita ochepa kuti amalize. Thandizo limene analandira kwa anzake linali lochepa, mnzake Blanka Vas anali kutsogolo ndipo anapambana gawo la tsikulo, ndipo Vollering anataya nthawi yoposa mphindi imodzi ndi theka. Tsiku lomaliza anapambana pa phiri la Alpe d'Huez, koma mpikisano wonse anauluza kwa Kasia Niewiadoma wa ku Poland ndi masekondi 4 okha, ndipo chaka chitatha anapita ku timu ya FDJ-Suez. Ndinauza mwini sitolo kuti nkhaniyi ikuyenera kukhala pafupi ndi chithunzi cha Majerus, popeza ikuonetsa mbali ina ya phunziro lomwelo: timu ya akatswiri ambiri imavutika kusankha woti ayembekezere mnzake. Iye anayankha kuti khomalo ndi lolimbikitsa anthu, osati lowakhumudwitsa. Ndikumvetsa cholinga chake, koma sindikugwirizana nacho, chifukwa amayi amene timabwera pamalopa ndife akuluakulu ndipo tikhoza kumva mbiri yathunthu.

Chosowa chachiwiri ndi cha amayi ena a mu Africa. Khomali ndi la timu imodzi, ndipo ndikulemekeza zimenezo, koma sitolo ya mu Johannesburg ikanapeza kampata ka Kim Le Court wa ku Mauritius, mnzake wa Moolman-Pasio ku AG Insurance-Soudal, amene anapambana Liège-Bastogne-Liège mu Epulo 2025 ndipo miyezi ingapo pambuyo pake anakhala mayi woyamba wa mu Africa kuvala jezi yachikasu pa Tour de France Femmes. Mpikisano wa dziko lonse wa mu Sepitembala 2025, umene unachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, woyamba kuchitikira mu Africa, nawonso sukuoneka paliponse m'sitolomo.

Kuonera mipikisano pamalopa n'kwaulere, ngakhale ulemu umafuna kuti munthu agule khofi kapena sikono. Tili ndi mwayi woti m'miyezi ya Epulo mpaka Okutobala nthawi ya ku Belgium, France ndi Italy imafanana ndi ya kuno komanso ya kwathu, choncho mipikisano ya Lamulungu imafika pachimake masana, anthu atabwera kale kutchalitchi. Mwini sitolo amatsitsa mawu a kanema nthawi ndi nthawi n'kufotokoza chifukwa chake timu ina yaika anthu ake onse kutsogolo, kapena chifukwa chake amene athawa gulu asiya kulandizana mphepo, ndipo makaniko uja amabwereza m'Chichewa kwa amene Chingerezi chothamanga chimawadutsa. Nditaonera mipikisano ingapo m'njira imeneyi ndinayamba kuona zinthu zisanachitike, ndipo masewerawa anasanduka okoma kwambiri. Cholakwika n'chakuti kanema ndi mmodzi yekha, ndipo ndinaonapo tsiku lina mpikisano wa amayi ukuchotsedwa pakati kuti aonetse wa amuna, chifukwa makasitomala aamuna anali atadzaza ndipo mwini sitolo kunalibe. Pamalo amene amanyadira khoma lotere, zimenezi siziyenera kuchitika ngakhale kamodzi, ndipo ogwira ntchito onse ayenera kuuzidwa momveka. Flèche Wallonne, imene imachitika Lachitatu, ambiri timaiphonya chifukwa cha ntchito, ndipo ndikanakonda ataibwereza kumapeto kwa sabata.

Ulendo wa Loweruka umachitikira ku Cradle of Humankind, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, kumene misewu ina ili ndi njira ya njinga m'mbali ndipo magalimoto ndi ochepa m'mawa. Amagawa anthu m'magulu awiri malinga ndi mphamvu, ndipo gulu la oyamba kumene limakhala ndi wotsogolera kutsogolo ndi wina kumbuyo kwenikweni, amene sadutsa aliyense. Tayala la mmodzi likaphwa, onse amaima, ndipo mwini njingayo amasintha yekha chubu ena akumulangiza, kuti tsiku limene adzakhale yekha asadzasowe chochita. Amaphunzitsa kutsatira tayala la mnzako mosaopa, kuloza ndi dzanja dzenje la mumsewu kuti wa kumbuyo alione, ndi kumwa madzi ludzu lisanafike. Wopanda helimeti saloledwa kunyamuka, ndipo pa lamuloli sanyengerera munthu. Mwini sitolo amakumbutsa kuti Amy Pieters, wa timu yomweyi ya SD Worx, anavulala kwambiri m'mutu mu Disembala 2021 ku Spain pa tsiku wamba lokonzekera, osati pa mpikisano, ndipo cholinga chake pokumbutsa zimenezi n'chakuti tisapeputse ulendo uliwonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumeneko kumazizira koopsa dzuwa lisanatuluke, ndipo wopita popanda magolovesi aatali amalephera kugwira mabuleki. M'chilimwe cha kuno amayesetsa kumaliza m'mawa, mvula ya mabingu ya masana isanayambe.

Vuto la ulendowu ndi mayendedwe. Galimoto ya sitolo imanyamula njinga zochepa, imanyamuka ku Randburg kusanache, ndipo imadutsa mu Malibongwe Drive osaima pa Cosmo City, kumene kukukhala amayi athu angapo amene akanakwera mosavuta. Okhala ku Rosettenville, Turffontein kapena Mayfair alibe njira yofikira nthawi imeneyo ngati alibe galimoto yawoyawo, popeza minibasi sizilandira njinga mosavuta. Komanso amayi ambiri a kwathu amagwira ntchito Loweruka, ndipo ena amapembedza tsiku limenelo. Ulendo umodzi wa Lamulungu m'mawa pa mwezi, kapena wa pa tsiku la tchuthi monga 9 Ogasiti, pamene dziko lino limakumbukira amayi, ukanatsegulira khomo anthu amene pakali pano amangomva nkhani.

Kukonza njinga amakonza bwino. Asanagwire chilichonse amakuonetsa chowonongeka, amayeza tcheni ndi kachitsulo koyezera kutha kwake uli pomwepo, amalemba mtengo papepala, ndipo akamaliza amakubwezera zitsulo zakale zimene achotsa. Amafotokoza kuti kusintha tcheni msanga kumapulumutsa magiya a kumbuyo, amene ndi odula kwambiri, ndipo sanandiumirizepo kugula chinthu chimene njinga yanga sinkafuna. Malimu amene makaniko wa ku Dedza wawongola amakhala owongoka kwa nthawi yaitali, chifukwa amamanga masipoko onse mofanana m'malo mongokoka awiri kapena atatu a pamalo opindika. Kusunga nthawi ndi kumene kumawavuta. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene mzinda wonse ukukonzekera 947 Ride Joburg, mpikisano wa makilomita pafupifupi 97 umene umatseketsa misewu ikuluikulu, njinga zimaunjikana mpaka pakhomo. Yanga inapitirira tsiku limene analonjeza, ndipo palibe amene anandiimbira foni. Ndinadziwa nditafika kale, nditalipira ulendo. Kwa munthu amene njinga yomweyo ndi imene amapitira kuntchito, kuchedwa kotere kumadya ndalama, ndipo uthenga umodzi wa pafoni ukanakwanira.

Za mitengo ndinene mosabisa. Njinga yatsopano yotsika mtengo kwambiri m'sitolomu imadya malipiro a miyezi ingapo a mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, ndipo zofanana ndi za Specialized zimene timu ya pakhomapo imakwera zimafika pa mtengo wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Kumene kuli chiyembekezo chathu ndi ku njinga zakaunjika, zimene amaziyang'ana bwinobwino asanaziike pamsika ndipo amalola kulipira pang'onopang'ono, njingayo ikusungidwa m'sitolo mpaka ndalama itakwana. Amalandira pasipoti ngati chiphaso, zimene zimathandiza ambiri a ife. Amalangiza woyamba kumene kuti atenge felemu ya aluminiyamu, chifukwa ya kaboni ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka pansi pa penti. Pa lisiti amalembapo nambala ya felemu, ndipo ichi n'chofunika mu mzinda umene njinga zakuba zimagulitsidwa motchipa pa intaneti. Mlendo wogwidwa ndi njinga yakuba, ngakhale anaigula mosadziwa, amakhala pa mavuto aakulu. Amene akufuna kutumiza njinga yotere kumudzi pa basi amauzidwa kuti atumize pamodzi ndi matayala, machubu ndi matcheni apadera, chifukwa n'zosiyana ndi za njinga za kabaza.

Mbali ya zovala ndi yofooka. Masaizi ambiri ndi aang'ono, osokedwa motsatira matupi a akatswiri a ku Ulaya, ndipo mayi wa thupi lodzaza amasowa chomukwana. Kabudula wa siponji ndi wofunikadi pa ulendo wautali, koma ambiri a ife sitimasuka kuyenda naye pagulu chifukwa chothina, ndipo timamanga chitenje tikangotsika panjinga. Sitoloyi ikanasunga makabudula otakasuka ovala pamwamba, monga amene amavala okwera njinga za m'mapiri, ikanagulitsa ambiri. Jezi ya timu ilipo ndipo ndi yokongola, koma mtengo wake ukhoza kugula helimeti yabwino ndi nyali ziwiri, ndipo woyamba kumene ayambe ndi zimenezo.

Kwa mayi amene ali kale ndi njinga ndipo mawondo, msana kapena manja zimamuwawa, ndikulangiza kuti alipire ntchito yoyeza ija asanaganize zogula ina. Kwa amene alibe njinga, apite kaye kukaonera mpikisano umodzi wa mu Epulo, acheze ndi amayi anzake, afunse makaniko uja kuti amusungire maso pa njinga yakaunjika ya saizi yake, ndipo asachite manyazi kunena ndalama imene ali nayo. Nkhani yoima pa Cosmo City tinaipereka kwa mwini sitolo ndipo anati aiganizira. Pakali pano amene tili ndi magalimoto tikutengana tokha, choncho wofuna kubwera Loweruka anene pofika Lachinayi kuti malo apezeke. Amene akufuna njinga yake ikonzedwe mpikisano wa 947 Ride Joburg usanafike aipititse mu Sepitembala, ndipo apemphe kuti tsiku lokaitenga lilembedwe pa lisiti.